Kabokosi Kotchipa ndi Chitunda cha pa Tsikani

Abale anga, ine pakamwa panga mpolemera. Sukulu ndinalekera sitandade sikisi. Andiuza kuti ndiime, ndiye ndaima. Ambiri muno ndinu madalaivala anzanga. Ndaona chithunzi cha kabokosi kena chikuyendayenda m'mafoni mwanu pa siteji pano pa Lisungwi, kabokosi kowonjezera mphamvu ya galimoto. Nchifukwa chake ndavomera kulankhula.

Dzina langa ndi Sitefano. Kwathu ndi ku Matope, kumadzi. Ku Nsambe ndili pa chikamwini. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi a akazi anga, make Feliya, ndipo mwini mbumba ndi amalume awo, a Matiyasi. Iwo akati khalani, ndikhala. Akati nyamukani, ndinyamuka.

Nditabwerako ku Joni ndinkafuna galimoto, koma ndalama zinaperewera. A Matiyasi analola kuti ng'ombe za mbumba zigulitsidwe. Anangonena chimodzi: "Mkamwini, mbatatesi zathu zisaolerenso kumtunda kuno."

Ndinagula yaing'ono, ya ku Japan, yakale koma ya tebo. Kwa amene simudziwa, tebo ndi chipangizo chopopera mpweya wambiri mu injini, kuti injini yaing'ono ikoke ngati yaikulu. Ikamakoka imaimba mluzu. Mluzu umenewo ndinaukonda.

Potsika ndinkanyamula mbatatesi ndi anthu. Pokwera, feteleza, shuga, simenti, nsomba zouma, ndi anthu omwewo. Panjira yathu pali chitunda chimene madalaivala timachitcha pa Tsikani. Dzinali linachokera ku mawu amene timauza anthu tikafika pamenepo: tsikani, tikumana pamwamba. Amatsika onse, amayi ndi ana kumsana, okalamba ndi ndodo zawo, nkumakwera wapansi atalipira kale.

Yanga inkayenera kudutsa popanda zimenezo. Koma petulo wathu mukumudziwa, wa m'zigubu, wina wosakaniza ndi zosadziwika. Ndikafika pakati pa chitunda, injini inkagogoda. Kompyuta ya galimoto ikamva kugogodako inkayatsa kanyale kachikasu nkudula mphamvu. Inkadziteteza. Ine ndinkati ikundichititsa manyazi. Anzanga pa siteji ankaseka. "A Sitefano, tebo yanu ija imayendanso wapansi eti?"

Ndinayamba kulota. Loto lake linali limodzimodzi. Chitunda chija chagona pansi ngati mphasa yoyala. Nkhungu yadzaza. Galimoto ikuyenda osagunda mwala, matayala osamveka, mluzu wokha. Anthu onse ali m'kati, palibe watsika. Ndikadzidzimuka, dzanja likufunafuna giya pa bulangete.

Kabokosi ndinakaona pa foni. Wogulitsa anali wa ku Blantyre, nkhope yake sindinaione. Anakatumiza pa minibasi. Kukula kwake ngati sopo wochapira, mawaya ochepa, ndi kopotokola kamodzi pamwamba. Kabokosi kotere sikachotsa kompyuta ya galimoto. Kamangoberekeka pa iyo ngati mwana kumsana, nkumasintha zimene kompyutayo ikumva.

Ndinapita nako kwa a Mofati, amakaniki athu a pa boma. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Mpweya ukachuluka, kamawonjezera mafuta?"

"Sindikudziwa."

"Moto wa mapulagi kamaubweza m'mbuyo?"

"Sindikudziwa."

"Nanga inu mukudziwa chiyani, a Sitefano?"

"Ndikudziwa kuti nkotchipa."

Anandibwezera. "Ine sindimanga. Kameneka ntchito yake nkunamiza kompyuta basi. Tebo ikapopa kwambiri, iko kamati kulibe kanthu."

Ndinamanga ndekha. Ndinadula mawaya ndi lezala, nkulumikiza monga chinkaonetsera chithunzi cha pa foni.

Ulendo woyamba sindidzauiwala, ndipo sindikunamizani kuti unali woipa. Kunali nkhungu. Titayandikira pa Tsikani anthu anayamba kutola mipango ndi zikwama, kukonzeka kutsika. Ndinati, khalani. Ndinaponda. Mluzu unakwera, unakwera. Galimoto inapepuka ngati katundu yense wagwa panjira. Mitengo inkatulukira mu nkhungu nkubwereramo. M'galimoto munali zii. Titafika pamwamba, mayi wina wa kumbuyo anafunsa chapansipansi, "Kodi tadutsa?" Tinali titadutsa. Zija ndinkalota zija.

Kuchokera pamenepo zinthu zinathamanga. Anthu anayamba kudikira yanga. Ndinawonjezera katundu. Ndinapotokola kabokosi kawiri, kenako mpaka pothera. Ndikafika pamwamba ndinkazimitsa injini ili yotentha choncho, nkutsetsereka yozima kuti ndisunge petulo. Tonse timatero. Ya tebo sifuna zimenezo, koma ine ndinkaona zigubu zokha.

Kanyale kachikasu kaja kanabweranso, ndipo ulendo uno sikankazima. Masiku a msika make Feliya ankakhala kutsogolo.

"Bambo a Feliya, kanyale kaja kayakanso."

"Ndakaona."

"Kakuti chiyani?"

"Kalibe pakamwa."

Sabata yotsatira ananenanso. Okwera nawo anayamba kusuzumira. Ndinatenga tepi yakuda ya magetsi nkukamata. Nkhani inathera pomwepo.

Injini inafa mvula yoyamba itangogwa, nditanyamula feteleza wa mbumba yonse. Pakati penipeni pa Tsikani. Kunamveka ngati munthu akugwedeza misomali m'chitini, kenako phokoso limodzi, kenako utsi. Galimoto inayamba kubwerera m'mbuyo. Amuna awiri analumpha nkuika miyala kumatayala. Mulungu anatichitira chifundo, palibe anavulala.

Inalowa m'mudzi ikukokedwa ndi ng'ombe zobwereka. Pamudzi pamene ng'ombe zinagulitsidwa chifukwa cha iyo. A Matiyasi anaima pafupi ndi khola lopanda kanthu, manja kumbuyo.

A Mofati atatsegula injini anandionetsa pisitoni. Inali ndi chibowo cholowa chala. Anati mpweya unkalowa wambiri, mafuta ochepa, petulo wakenso wofooka, ndiye m'kati munkatentha ngati pa moto wosulira makasu. Tebo nayo inali itapita. Foni ya wogulitsa uja inali yozima. Mpaka lero njozima.

Apa ndinene mosabisa. Ndinayamba kachasu. Poyamba madzulo okha, kenako m'mawa womwe. Ndinagulitsa batire, ndinamwera. Jeke, wailesi, matayala limodzi limodzi. Galimoto inakhala pa miyala kuseri kwa nyumba. M'nyumba ndinasiya kugona, maso a make Feliya ankandilemera. Ndinasamukira m'galimoto.

Ndinkakhala pa mpando wanga, botolo pakati pa miyendo, manja pa chiwongolero. Ndikamwa pang'ono, inkalira. Ndikawonjezera, inkanyamuka. Ndinayenda maulendo ambiri osachoka pa miyala paja. Ndinafika ku Matope, ndinaona Shire akuyenda pansi panga. Ndinafika ku Joni. Pa Tsikani ndinkadutsa tsiku ndi tsiku, anthu osatsika. Nkhuku inaikira mazira pa mpando wa pambali. Udzu unamera pansi pa injini. Dzungu linayanga, linakwera pa bampala, linafika pa galasi. Ine ndinkangoona ngati ndi nkhalango imene ndikudutsa.

Dzinja linatha, sindinagwire khasu. Mbatatesi zinakumbidwa. Zina zinaola, zina mavenda anatenga pa mtengo wachipongwe, zina amayi anayambanso kusenza pamutu kupita nazo kumsewu. Anthu anasiya kunditcha adalaivala. Ndiye uthenga unabwera wochokera kwa a Matiyasi: Loweruka tikhale pansi, ndipo abwere ankhoswe anga a ku Matope. Amene muli pa chikamwini mukudziwa tanthauzo lake. Munthu amayamba kuyang'ana kuti chikwama chake chili pati.

M'mawa wa Loweruka limenelo ndinadzuka m'galimoto. Kapena sindinadzuke bwinobwino. Nkhungu inali itatseka paliponse, ngati ya m'loto lija. Ndinkamva mluzu chapatali. Ndinkaona ngati ndikukwera pa Tsikani. Kutsogolo kunatulukira anthu, amayi okhaokha, ali pa mzere, matumba pamutu, akuyenda mwakachetechete. Ndinati awa ndi anthu anga, ndawatsitsa ndine, akwere. Ndinadina hutala. Sinalire.

Mmodzi anachoka pa mzere. Anabwera, anatula thumba pa boneti. Galimoto inagwedezeka pa miyala. Anali make Feliya. Anagogoda pa galasi monga amachitira munthu wofuna kukwera.

"Adalaivala, munyamuka nthawi yanji?"

Ndinachotsa dzanja pa hutala. Anafunsanso.

"Malo alipo?"

"Alipo."

Anatsegula chitseko, anaingitsa nkhuku, anakhala. Nkhata inali m'manja. Ndinaona pakati pa mutu wawo, tsitsi linali litatha pamene pamakhala nkhatayo. Kale silinali choncho.

Tinakhala. Tonse kuyang'ana kutsogolo ngati anthu a pa ulendo. Tsamba la dzungu linali litamatirira pa galasi, mame akutsika pang'onopang'ono. Amayi ena aja analowa mu nkhungu, sanaonekenso.

"Tafika pati?" anafunsa.

"Pa Tsikani."

"Ndiye sitinadutsebe."

"Ayi."

Anatambasula dzanja, anafika pamene pali mawotchi, kuseri kwa chiwongolero. Anakanda ndi chikhadabo. Tepi yakuda ija inamatuka pang'onopang'ono, ikulira. Pansi pake panalibe kuwala. Batire ndinali nditamwera. Koma kachithunzi ka injini kankaoneka, kakang'ono, kakuda, kali pomwepo.

"Kankanena zoona eti?"

"Kankanena zoona."

"Inenso ndinkanena."

Ndinayang'ana botolo. Ndinayang'ana tepi ili pa chala chawo. Mluzu uja unali utasiya. Ndinkangomva nkhuku panja, ndi kupuma kwa munthu amene wasenza katundu wolemera.

"Masana amalume akufunsani," anatero. "Ine andifunsa kale. Ndawauza kuti ndiyankha ndikaona ngati mutsike muno."

Anatsika. Anapinda nkhata, anaika pamutu, anagwira thumba kuti adzitwike okha. Linakana. Anayesanso.

Chitseko cha mbali yanga chinali chitachita dzimbiri. Ndinachikankha ndi phewa. Udzu unali wozizira. Ndinatenga thumba lija ndinaliika pa phewa langa. Tinatsatira amayi aja mpaka kumsewu, ine ndekha mwamuna pa mzere. Ndinasanza kawiri panjira. Make Feliya ankaima nkundidikira.

Masana tinakhala pansi. Ankhoswe anga anapepesa kwambiri. A Matiyasi anamvetsera mpaka kumapeto.

"Ng'ombe sindikufunsa, zinapita," anatero. "Ndikufunsa munthu. Mwana wanga akuti munthu watsika m'chitsulo muja lero. Chabwino. Agone m'nyumba. Koma nkhaniyi sindikuitseka. Ndidzaitseka ndikadzaona ndekha."

Zobwerera zinali zapang'onopang'ono. Ndinapita kwa mayi wotcheza kachasu masana, anthu akuona, ndinati musadzandigulitsenso ngakhale ndilire. Ndinasintha njira yopita kumsika. Manja atayamba kunjenjemera ndinapita kuchipatala cha ku Nsambe, sindinabise chimene chikundivuta, anandithandiza. Mbale wina wa mumpingo ankayenda nane tsiku la msika, chifukwa tsiku limenelo ndilo loopsa. Ndinagwa kamodzi, pa maliro. M'mawa mwake ndinakanena ndekha kunyumba, asanamve kwa ena.

A Mofati anandilola kugwira ntchito pa galaja pawo. Kutsuka zitsulo, kumasula mabawuti, kugona pansi pa magalimoto a anzanga omwe ankandiseka aja. Mbatatesi ndinkatsitsa pa njinga yakapalasa. Matayala anabwerera limodzi limodzi monga anachokera. Dzungu lija tinadya. Patapita nthawi a Mofati anapeza injini ya galimoto ina imene inachita ngozi, tebo yake ili bwino. Tinaimanga. Mawaya amene ndinadula aja tinawabwezeretsa onse.

Tsopano mudabwa. Ndinagulanso kabokosi.

Petulo wa m'zigubu anali yemwe uja, chitunda chomwe chija. Injini yatsopano inayambanso kugogoda. A Mofati anati, "Kabokosi sikalakwa konse. Kanalakwa kaja, ndi mwini wake. Kalipo kena kamene tingakauze kuti kaziziritse injini m'malo moipsereza." Tinapita tonse ku Blantyre.

Apa tcherani khutu, inu amene chithunzi chija chili m'foni. Musayambe ndi kabokosi. Yambani ndi galimoto: mapulagi, sefa ya mafuta, pampu, radiyeta, mapaipi a tebo. Galimoto yodwala mukaiwonjezera mphamvu mwaifulumizitsa kumanda. Mukafika posankha, funsani mafunso aja anandifunsa a Mofati. Mpweya ukachuluka, kamawonjezera mafuta? Kamatha kubweza moto wa mapulagi? Wogulitsa akangoti potokolani apa muuluke, msiyeni. Kopotokola kamodzi ndi kaja kananditha.

Tengani kobwera ndi zolumikizira zake, kongolowetsa osadula waya, kuti kakavuta muzule galimoto ibwerere mwakale. Mugule pamene pali chitseko, pamene mungabwerere mawa nkumupeza munthu. Ndipo pakhale wodziwa kukatchuna ndi laputopu pa galimoto yanu, ili ndi katundu wanu, ndi petulo amene mumathira inuyo, osati wa m'tauni. Ndalama zikakhala zochepa, chepetsani pa kabokosi, musachepetse pa wotchuna. Ine ndinatenga kapakatikati, kopanda zambiri, ndipo ndinawonjezera kawotchi koonetsa ngati mafuta akuchepa mu injini. Kawotchi kameneko kananditengera miyezi yotsitsa mbatatesi pa njinga. Sindidandaula. Chomaliza, kabokosi kamene kamazimitsa kanyale ka injini, kapena kutseka khutu limene kompyuta imamvera kugogoda, musakagwire nkomwe.

Wotchuna uja anandifunsa, "Bambo, mukufuna tiwonjezere mphamvu zochuluka bwanji?"

Ndinati, "Chotsaniko."

Anaseka, anayang'ana a Mofati. A Mofati anati, "Mwamva bwino." Ndiye anatsitsa kupopa kwa tebo, anawonjezera mafuta pang'ono, anabweza moto. Galimoto inakhala yaulesi. Imadya petulo kuposa kale. Koma sigogoda. Ndikafika pamwamba sindizimitsa, ndimaisiya ilire kaye, ipume.

Ulendo woyamba wokwera ndi katundu, a Matiyasi anali pa boma, anabwera kudzagula malata. Anakwera osandifunsa, anakhala kumbuyo. Make Feliya kutsogolo. Ena anali anthu a m'mudzi. Palibe ankalankhula za nkhani ija, koma aliyense ankaidziwa.

Kunalinso nkhungu. Tinayamba kukwera pa Tsikani ndi giya yoyamba. Mluzu unali wapansipansi. Inkakoka bwino. Ndinayamba kumva kupepuka kuja, mitengo ikutulukira nkubwerera, mtima ukuti lero tidutsa, a Matiyasi aone. Tinapitirira pamene inafera paja.

"Bambo a Feliya," anatero make Feliya.

"Ndakaona."

Kanyale kachikasu kanali katayaka. Pamwamba pankaoneka, pafupi kwambiri. Ndikanaponda, mwina tikanafika. Phazi linkafuna.

Ndinaima. Ndinakoka handibuleki.

"Tsikani," ndinatero. "Tikumana pamwamba."

Wina anadandaula kuti nsapato zake nzatsopano. Anatsika onse. A Matiyasi anatsika pomaliza, pang'onopang'ono, chifukwa mawondo amawavuta. Anatola mwala, anauika okha kuseri kwa tayala. Anaima pambali panga ndikutsegula boneti. Kanali kapaipi ka mpweya, kanali katamasuka. Ndinakamanga. Ndinadikira injini izizire. Iwo ali pomwepo, manja kumbuyo.

"Mkamwini, bwanji simunaponde? Patsala pang'ono apa."

"Kanayaka."

"Kanyale kokha?"

"Ndi make Feliya ananena."

Anayang'ana kumtunda, kumene anthu ankalowa mu nkhungu mmodzimmodzi.

"Ankhoswe anu aja muwauze asavutike kubweranso," anatero. "Ku Matope nkutali." Anachotsa chipewa, anapukuta mutu. "Lachiwiri mubwere kumunda kwanga. Matumba alipo. Musadzaze kwambiri."

Anayamba kukwera wapansi. Ndinawaitana kuti akwere, galimoto inali itapepuka. Anakana ndi dzanja, osacheuka.

Loto lija limabwerabe nthawi zina. Chitunda chagona, mluzu, palibe wotsika. Ndi loto lokoma, sindikana. Ndikadzuka ndimapeza ndili m'nyumba, osati m'galimoto, ndipo ndimathokoza Mulungu.

Amene muli ndi tepi yakuda pa kanyale kanu, magalimoto ali panjapa. Tikatuluka muno mukamatule. Mukaopa kuona chimene chili pansi pake, ndiitaneni, tikaonere limodzi. Ine ndakhala pansi.